JOSM ikazima pakati pa dawunilodi musathamangire kufomata laputopu

Loweruka lapitali tinakumana ku Chawama kuno ku Lusaka kunyumba kwa mnzathu wina, anthu asanu malaputopu anayi, ntchito inali yoika pa mapu ngalande ndi tinjira ta mkomboni mvula isanayambe, pogwiritsa JOSM, pulogalamu yojambulira pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense atha kukonza. Kamtsikana kena kamene kangoyamba kumene kuphunzira kanakoka bokosi la dawunilodi, losankhira dera loti data yake ibwere, lalikulu ndithu, kakudina, kakudinanso pena, kakuwonjezeranso pena osadikira, mpaka fani ya laputopu inayamba kulira ngati chigayo, sikirini mbuu, kenako JOSM zii yapita. Kanandiyang'ana nkuti "ba ankolo yafa." Mnyamata amene anakhala pafupi nako osaganiza nkomwe akuti ili ndi vairasi iyo, kaifomatitseni ku tauni. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa izi, chifukwa ndaona anthu ambiri akutaya ndalama ndi mafayilo awo pa vuto loti likanatha ndi mphindi khumi.

Choyamba, mawu oti "yafa" kapena "yakirasha" timangowagwiritsa pa chilichonse koma matenda ake ndi osiyana. Pali pomwe pulogalamu imakuonetsani uthenga wofiira nkukana kubweretsa data koma iyo ili moyo. Pali pomwe imauma gwaa, mausi ikungozungulira. Pali pomwe imazimiririka yokha ngati sinatsegulidwe. Ndiye pali pomwe laputopu yonse imazima. Musanakhudze chilichonse dziwani kaye kuti yanu yachita ziti, ndipo ngati pali uthenga ujambuleni ndi foni musanadine OK. Anthu amadina OK mwachangu ngati uthengawo ukuwatentha, nde mukawafunsa kuti unalembedwa chani amangoti "zinazake za error."

Tiyambe ndi uthenga wokana chifukwa ndi umene umabwera kawirikawiri kuno ku Lusaka. Seva yaikulu ya OpenStreetMap ili ndi malire awiri ndipo sinyengerera munthu. Loyamba ndi kukula kwa bokosi, lisapose 0.25 square degree, kuno kwathu ndi ngati makilomita 50 ndi kanthu mbali iliyonse. Limeneli silivuta kwenikweni chifukwa JOSM imakuchenjezani pansi pa windo ya dawunilodi kuti dera lakula kwambiri. Lachiwiri ndi limene limagwira anthu, seva sipereka ma node oposa 50,000 pa pempho limodzi. Node ndi kadontho kalikonse ka pa mapu, nyumba ya makona anayi ndi timadontho tinayi, ndiye werengani nokha, nyumba 12,500 chabe malire akwana, osawerengera misewu, mipanda, mijigo ndi zimbudzi. Manje taganizani mmene nyumba zinapanikizirana ku Kanyama, Misisi, John Laing kapena George. Bokosi limene kwathu ku Katete lingatenge midzi ingapo ndi minda yake yonse bwinobwino, ku Kanyama likukanidwa musanafike ndi pa msika pomwe. Ndipo chopusitsa nchakuti kauthenga ka pansi kaja kamatha kunena kuti dera lili bwino, chifukwa iko kamangoyeza kukula kwa bokosi, sikadziwa kuti mkatimo muli nyumba zingati. Mukaona mawu akuti "You requested too many nodes" laputopu yanu ilibe mlandu, mwangotapa nsima yoposa pakamwa.

Mankhwala ake ndi kudula basi. Kokani kabokosi kakang'ono, mkomboni yambani ndi kosakwana kilomita imodzi mbali iliyonse, kakabwera sunthirani pambali mukokenso kena, JOSM imalumikiza yokha mu layer imodzimodziyo, ndiye kuti mulu wa data umene mukugwirapo ntchito, bola musasankhe zoti ibwere ngati layer yatsopano. Malo amene simunadawunilode amaoneka ndi timizere topingasa, kumeneko musajambuleko kanthu, mwina nyumbayo wina anaijambula kale inu simukuiona chabe. Ngati mukutsata msewu wautali kapena ngalande yaitali, sankhani mzerewo nkupita pa File, Download along, imatenga kampata kozungulira mzerewo mmalo mwa bokosi lalikulu lodzaza ndi nyumba zimene simukuzifuna. Ndipo ngati mukugwira ntchito ya pa Tasking Manager ya HOT (Humanitarian OpenStreetMap Team), tsamba logawira anthu madera oti ajambule, lolani kuti kabokosi kabwere kuchokera komweko, anakadula kale, kakakula pali podina kuti kagawike. Kuti zimenezo zitheke Remote Control ikhale yoyatsa mu Preferences, dinani F12 muipeza.

Pali kapulagini, kapulogalamu kowonjezera mu JOSM, kotchedwa continuosDownload, kamene kamadawuniloda kokha mukamasuntha mapu. Kamakoma pa netiweki yabwino ndi laputopu yamphamvu, koma pa makina athu awa ine ndimati kachotseni. Mukangozuma kunja pang'ono kamayamba kupempha data uku ndi uku, seva nkukuyankhani 429 kapena 509, kutanthauza kuti mwapempha zambiri pa nthawi yochepa, dikirani. Pamenepo kudinadina sikuthandiza, kapangeni tiyi mubwere. Komanso kumbukirani kuti mukakhala anthu asanu pa hotisipoti imodzi seva itha kukuonani ngati munthu mmodzi wadyera.

Tsopano za kuuma, zimene zinachitikira kamtsikana kaja. Iyi ndi nkhani ya memori ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu ambiri saimvetsa. JOSM imayendera pa Java, ndipo Java mukapanda kuiuza kanthu imadzipatsa malire a gawo limodzi mwa magawo anayi a RAM yonse. Laputopu ya 4GB, zimene ambirife tinagula zogwiritsidwa kale ntchito, ndiye kuti JOSM ili ndi pafupifupi 1GB basi. Mmenemo mulowe nyumba masauzande, mulowe zithunzi za Bing, mwayatsanso za Esri kuti mufananize, mbiri ya undo ikukula, nde ikadzadza Java imayamba kusesa mofunafuna malo, fani nkumalira, pulogalamu nkuuma, pena imalemba kuti memori yatha pena imangogwa osatsanzika. Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli pitani pa Help, Show Status Report, muona mzere wa Memory Usage uli ndi manambala, ina ikusonyeza imene yatengedwa ina malire ake. Zikayandikana kwambiri mwapeza wakuba.

Kukweza malirewo nkosavuta. Ngati mumatsegula ndi fayilo ya jar, tsegulani Command Prompt mu foda imene muli fayiloyo mulembe chonchi:

java -Xmx2048m -jar josm-tested.jar

Pamenepo mwaipatsa 2GB. Ngati munaika JOSM ndi installer ya Windows, fufuzani fayilo ya JOSM.cfg mu foda ya app mkati mwa AppData\Local\JOSM, itseguleni ndi Notepad, pansi pa JavaOptions muwonjezere mzere wakuti java-options=-Xmx2048m, sevani, tsegulaninso JOSM nkuyang'ana mu Status Report ngati nambala yasintha. Mukaika JOSM yatsopano yang'ananinso chifukwa fayiloyo itha kubwerera mwakale. Koma apa pasakhale dyera. Ine ndinalakwitsapo, laputopu ya 4GB ndinalemba 4096 ndikuganiza kuti ndachenjera, Windows inasowa popumira makina onse nkuyamba kukwawa kuposa poyamba. Pa 4GB musapose 2GB, pa 8GB mutha kupereka 4GB. Ndipo tsekani Chrome ija ili ndi ma tab 20 ndi mpira wa dzulo pa YouTube, imadya mbale imodzimodziyo. Chinanso, ngati Java yanu ndi ya 32-bit singalandire memori yambiri ngakhale mulembe nambala yanji, pa Windows imalekera cha mma 1.5GB, ikani ya 64-bit. Java 8 nayo JOSM ya masiku ano inasiya kuilandira, pezani 17 kapena 21, kapena ingogwiritsani installer imene imabwera ndi Java yakeyake, mutu supweteka.

Memori ikakhala yochepabe pali tinjira topeputsira katundu. Siyani layer imodzi ya zithunzi, zinazo zichotseni osati kungozibisa. Dinani Ctrl+W kuti mapu aoneke ngati mawaya okhaokha opanda mitundu, saoneka bwino koma amathamanga. Mukamaliza dera, pangani upload, chotsani layer yonseyo muyambe yatsopano mmalo momangounjika kuyambira mmawa mpaka 16 hours. Palinso Purge, imene imachotsa zinthu mu laputopu yanu mokha osakhudza seva. Chonde chonde Purge si Delete. Mukasankha nyumba 3,000 nkudina Delete kuti "ndipepukidwe" kenako nkupanga upload, mwagwetsa nyumba za anthu pa mapu a dziko lonse, ndipo amene anazijambula adzakufunsani.

Nanga ntchito imene munali mutajambula isanagwe? Apa mtima ukhale pansi kaye. JOSM imaseva yokha mphindi zisanu zilizonse mu foda ya autosave, ndipo mukaitsegulanso imakufunsani ngati mukufuna kubweza zimene inapeza. Werengani bwino, dinani Restore. Kamtsikana kaja chala chinali kale pa Discard ndinachita kukagwira dzanja. Ngakhale mutadina molakwika musalire msanga, pitani mu %APPDATA%\JOSM\autosave, muli kafoda ka deleted_layers, kawirikawiri fayilo imakhala ili momwemo. Koma chizolowezi chabwino ndi Ctrl+S musanadine dawunilodi ina iliyonse, makamaka kuno kumene malaiti amapita osagogoda. Amene anajambula mapu mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akudziwa chimene ndikunena, tinaphunzira kuseva ngati kupuma.

Kuzimiririka kopanda uthenga ndi nkhani ina. Ngati memori ili bwino koma JOSM ikungotha yokha, woyamba kumuganizira ndi mapulagini, makamaka mukakhala kuti mwaika JOSM yatsopano mapulagini nkukhala akale. Yesani kuitsegula opanda iwo:

java -jar josm-tested.jar --skip-plugins

Ikadawuniloda bwinobwino chonchi ndiye kuti wolakwa ali mgulu limenelo. Pitani mu Preferences, Plugins, pangani update onse, zikapitirira zimitsani onse nkumayatsa mmodzimmodzi mpaka mupeze amene akugwetsa. Zimatenga nthawi koma palibe njira yachidule. Komanso gwiritsani JOSM ya tested osati latest, latest ija ndi ya anthu oyesa zatsopano, ife tikufuna kumaliza ngalande.

Ngati si mapulagini, yang'anani ngati Java yasiya kafayilo koyamba ndi hs_err_pid, imakasiya mu foda imene munatsegulira pulogalamu kapena mu Temp. Katseguleni ndi Notepad, simukuyenera kumva zonse, ingoonani mizere yoyambirira pamene palembedwa Problematic frame. Pakatchulidwa fayilo ya dll ya zithunzi, ya Intel kapena Nvidia kapena AMD, ndiye kuti ndi driver ya sikirini, ipangeni update, kapena onjezerani -Dsun.java2d.d3d=false pamalo pomwe munalemba za memori paja. Zimenezi zinathandizapo pa laputopu yakale ya mnzanga imene inkagwa nthawi iliyonse mapu akangoyamba kuoneka.

Pena vuto ndi ma settings amene anaonongeka malaiti atapita pulogalamu ili mkati molemba. Tsekani JOSM, pitani ku %APPDATA%, foda ya JOSM muisinthe dzina ikhale JOSM_yakale, musaifufute ayi chifukwa autosave yanu ili momwemo. Mukatsegula JOSM ipanga foda yatsopano yoyera. Zikayenda ndiye mwadziwa. Cache ya zithunzi nayo imaonongeka, ili ku %LOCALAPPDATA%\JOSM\cache, imeneyo mutha kufufuta opanda mantha kungoti zithunzi zidzadyanso bandulo pobwera kachiwiri. Muonenso kuti disiki C sinafiire, disiki yodzadza imagwetsa chilichonse.

Laputopu yonse ikazima, phwii, osati JOSM yokha, musavutike ndi zonse ndalembazi. Kumeneko ndi kutentha kapena batire. October wa Lusaka, fumbi la mkomboni ladzadza mu fani, inu mwaiika pa matiresi, dawunilodi ikangoikakamiza kugwira ntchito imadziteteza pozima. Ikwezeni pa tebulo, ikani timabuku kumbuyo kuti mphepo ipite pansi, ndipo kaipukutitseni mkati kwa wokonza. Kupukuta chabe, osalola zofomata.

Za netiweki ndinena mwachidule chifukwa ambiri mukuzidziwa, koma pali tiwiri timene timabisala. Bandulo ikatha pakati pa dawunilodi, kapena mukakhala pa Wi-Fi yofuna kulowa ndi pasiwedi pa tsamba lake, JOSM mmalo molandira data ya mapu imatha kulandira tsamba lokuuzani kuti gulani bandulo, nde imalemba zoti yalephera kuwerenga data, munthu nkumaganiza kuti pulogalamu yaonongeka. Tsegulani openstreetmap.org mu browser, ikakana vuto si JOSM. Ndipo WhatsApp kuyenda si umboni ayi, mwina mwatsala ndi bandulo ya social yokha. Kachiwiri ndi wotchi. Malaputopu akalewa kabatire kakang'ono ka mkati kakatha, tsiku limabwerera zaka zambuyo, ndiye Java imakana satifiketi ya seva nkulemba uthenga wautali wa SSL kapena PKIX. Konzani tsiku ndi nthawi basi zatha. Ndinataya madzulo athunthu pa kanthu kameneka, ndikuchotsa Java ndikuikanso, osayang'ana pakona pa sikirini pamene panalembedwa chaka cholakwika poyera. Ngati laputopu inachokera ku ofesi kapena ku sukulu onaninso mu Preferences pa Proxy, mwina ikufunafunabe seva ya kumeneko, sankhani No proxy.

Manje ena mudzati ine ndikufunadi dera lalikulu, ngalande zonse za Lusaka mwachitsanzo, ndidule tizibokosi mpaka liti? Zoona, pamenepo seva yaikulu ija si malo ake, inapangidwira okonza mapu osati otuta data. Yatsani Expert mode pa View, mu windo ya dawunilodi muona tab ya Overpass API, seva ina yotengera data imene mwasankha yokha, dinani Query Wizard mulembe chimene mukufuna chokha, monga waterway=drain or waterway=ditch, ibweretsa ngalande popanda nyumba ndipo laputopu simva kulemera. Overpass nayo imatopa, ikayankha 429 mwafunsa pafupipafupi, ikayankha 504 yatanganidwa ndi anthu ena, dikirani kapena chepetsani dera, mutha kukwezanso nambala ya timeout imene ili pamwamba pa query. Koma samalani, data yotere ndi yoperewera, mukuona ngalande koma simukuona kamlatho kapena msewu umene walumikizana nayo, ndiye musasunthe kapena kufufuta madontho musanadawunilode malowo mwa nthawi zonse.

Mukafuna zonse, nyumba ndi misewu yomwe, pitani pa download.geofabrik.de, pa Africa, Zambia, mutenge zambia-latest.osm.pbf, amaikonza tsiku lililonse. Itengeni ndi browser pa Wi-Fi yabwino kapena bandulo ya usiku, mmodzi atenge enanu mukopere pa fulashi. Fayilo imeneyi musayerekeze kuitsegula yonse mu JOSM, ndi yopanikizidwa kwambiri, ikamasuka mu memori imafufuma kuposa mmene ikuonekera. Idulenitu ndi osmium, kapulogalamu kodulira mafayilo a OpenStreetMap kamene mumakalamula polemba pa command line:

osmium extract -b 28.22,-15.46,28.27,-15.41 zambia-latest.osm.pbf -o dera.osm.pbf

Manambalawo ndi kumadzulo, kummwera, kummawa, kumpoto, motsatana choncho, ndipo awa akugwera cha ku Kanyama. Musaiwale ka minus, tili kummwera kwa equator, mukakasiya mupeza fayilo ilibe kanthu. Amene command line imawaopsa, HOT Export Tool imachita zofanana, mumajambula dera pa mapu nkusankha mtundu wa fayilo iyo nkukukonzerani. Ndipo mukakonza kanthu pa data yochokera mu fayilo, dinani Ctrl+U kaye kuti ifanane ndi zimene zili pa seva musanapange upload, apo ayi mukumana ndi ma conflict, pomwe zanu zikuwombana ndi zimene wina anasintha kale.

A QGIS, pulogalamu ina ya mapu, sindinakuiwaleni. Pulagini yake ya QuickOSM imatunga ku Overpass komweko ndiye zonse ndanena za 429 ndi 504 ndi zanunso. Chimene chimagwetsa QGIS kawirikawiri si kubwera kwa data koma kuijambula pa sikirini, ndiye musanadine Run query chotsani kachizindikiro pa Render pansi kumanja, data ibwere mwakachetechete, muiseve ngati fayilo ya GeoPackage chifukwa imabwera ngati layer yongoyembekezera, kenako zumani pafupi nkuyatsanso Render. Musasiye key ndi value zopanda kanthu pa dera lalikulu, kumeneko nkupempha chilichonse chimene chilipo. Netiweki ikakhala yaulesi pitani Settings, Options, Network, mukweze timeout. Ikamagwabe pangani profile yatsopano pa Settings, User Profiles, muikemo QuickOSM yokha muone.

Pa foni nkhani ndi yaifupi. App ya mapu ya OsmAnd kapena Organic Maps ikamagwa potenga mapu a Zambia, kawirikawiri malo atha, ndipo pamafunika malo oposa kukula kwa fayilo chifukwa pena imayenera kumasulidwa ikafika. Chotsani mavidiyo a mmagulu a WhatsApp aja. Zimitsani battery saver chifukwa imapha dawunilodi sikirini ikangozima, ndipo ngati mapu amapita pa memori khadi yotchipa yesani kuwasunga mu foni mwenimweni. OsmAnd yaulere imalola madawunilodi 7 okha, akatha imakana, kumeneko si kugwa.

Zonsezi zikakanika ndiye mwina mwapezadi bug, cholakwika cha mu pulogalamu yeniyeniyo, zimachitika. JOSM ikakuonetsani windo yoti Report Bug musaitseke, imakutengerani ku josm.openstreetmap.de ndi Status Report yanu, inu mungolemba zimene munadina motsatana ndi dera limene mumadawuniloda, Chingerezi chophweka chimakwana.

Kamtsikana kaja tinapeza kuti laputopu yake ndi ya 4GB, malire a Java ali cha mma 1GB, zithunzi zayatsidwa ziwiri, Chrome ili ndi Facebook kumbuyo. Tinadina Restore ngalande zake zinayi nkubwerera, tinalemba -Xmx2048m, nkudula dera lake tizibokosi 6. Pofika 17 hours kanali katapanga upload kawiri, ndipo mnyamata wa zofomata uja ndi amene anabwera ndi laputopu yake kuti ba ankolo tandionereniko nanenso iyi nambala ya memori ili pati.